Beseni la Phulusa la a Mukhuna

Malume anga, a Mukhuna, tawaika Loweruka lapitali, ndipo mpaka lero nseru ya tsiku limenelo sinandichoke. Si imfa yawo imene inandinyansa, munthu wa zaka zawo zija kufa ndi kupuma. Chimene chinandinyansa ndi pakamwa pa anthu. A Sitolo, mkulu wa mpingo, anaimirira pamanda paja, dzanja pachifuwa, n'kumati mudzi wa Kaduya wataya mlimi wachitsanzo, munthu waukhondo, mphunzitsi wa tonsefe pa kaweteredwe ka nkhumba. A Sitolo omwewo amene kwa zaka zambirimbiri akhala akuuza aliyense wa makutu kuti a Mukhuna amaweta ndi zitsamba, kuti beseni la pakhomo la khola lawo ndi chizimba! Ndinalavula pansi. Mkazi wanga anandikoka malaya kuti ndikhale, poti amandidziwa.

N'chifukwa chake ndikulemba. Munthuyu anenedwe monga analiri, ndi fungo lake lomwe. Ndipo ndiyambe ndi chimene sichinatchulidwe pamanda: khola limene ankalitama lija linathapo kamodzi ndi matenda, ndipo amene anawabweretsa matendawo ndine, Lafayelo, mwana wa mlongo wawo.

Malume sanali munthu wokoma. Tisanamizane. Anali wamfupi, wa khosi lolimba, wosaseka nthabwala ya wina koma yawo yokha. Ankanunkha madeya owawasa ngakhale Lamulungu m'tchalitchi. Khola lawo linali kuseri kwa nyumba, pamalo a akazi awo a Fanesi kumene anakwatira, lomanga ndi njerwa zootcha pamene khitchini inali ya zidina. Chodyera cha nkhumbazo linali bwato lakale long'aluka limene anakalitenga okha kunyanja ya Chilwa, kulikankha panjinga tsiku lathunthu, anthu akuwaseka m'njira kuti kodi nyanja yafika kuphiri la Michesi. Ndiye pakhomo la kholalo panali beseni lachitsulo lopindika m'mbali, la madzi a phulusa okhathamira ngati phala. Pambali pake panali majombo akale amene sanapondepo kwina kulikonse koma m'khola momwemo.

Lamulo linali limodzi: sulowa. Kaya ndiwe mbale, kaya ndiwe abusa. Ukakhala ndi chifukwa chenicheni, uvule nsapato zako, uponde m'beseni, uvale majombo. Ankati matenda a nkhumba alibe miyendo, amabwereka yathu. Ankatinso nkhumba si yauve, imasankha ngodya imodzi yochitirako chimbudzi n'kumagona ngodya ina, wauve ndi mwini wake amene amakodza kuseri kwa nkhokwe yake yomwe. Mlangizi wa ziweto anawauzapo kuti phulusa lokha silikwanira, mankhwala enieni oviikamo mapazi alipo ku Boma. Iwo anayankha kuti akudziwa, koma beseni lija ntchito yake yaikulu ndi yakuti munthu aime kaye, achite manyazi, abwerere.

Mkangano wawo ndi a Sitolo unayambira pa nkhumba yamphongo. Kwathu kuno yamphongo imayenda, aliyense amadziwa. Mnzako akakhala ndi yabwino umakaibwereka masiku atatu, ikwere mkota wako, ikabereka umupatse kamwana kamodzi. A Sitolo anafika ndi chingwe m'manja, osafunsa n'komwe, ngati akukatunga madzi pamjigo.

"Achimwene, ndabwera kudzatenga mnyamata uja akacheze kwathu."

"Mnyamata wanga sachezera m'makomo," anatero malume.

"Iii, nanga si ndi chiweto chabe? Ndibwezatu Lachinayi."

"Mubweza iyeyo ndi zimene akapondeko. Khola lanu ndinaliona, a Sitolo. Ngakhale khoswe amalowamo atatseka mphuno."

Mawu amenewo sanakhululukidwe. Kuyambira tsiku limenelo beseni linasanduka chizimba, ndipo nkhumba za a Mukhuna zinkanona chifukwa eti zimadya mafuta a nkhumba za anzawo mwamatsenga. Anthu opemphera, onyamula Baibulo kukhwapa. Zonyansa.

Bwenzi lawo lenileni anali mmodzi, a Jafali, Msilamu wogulitsa madeya pafupi ndi chigayo. Ankasewera bawo pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa nyumba, a Jafali atakhala mbali imene mphepo sichokera kukhola. Malume ankanena poyera kuti m'dziko lonse lino mapazi amene sawaopa ndi a Jafali okha, chifukwa chibadwire sanapondepo m'khola la nkhumba. A Jafali ankabweza kuti iwonso pa Akhristu onse amakhulupirira a Mukhuna okha, chifukwa ndi okhawo amene amasamba m'manja asanakupatse moni. Ankatukwanana chotero mpaka dzuwa kupendeka, wina osakwiya.

Tsopano za dzinja lija. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Inali nyengo ya njala, chimanga chili ndi ngaiyaye, m'nkhokwe muli mbewa zokha. Matenda anayambira kumsika, ena amati anabwera ndi nkhumba zogulidwa kutali, ine sindikudziwa. Sichinali chigodola chimene timachidziwa, chogwetsa nkhumba masiku awiri. Awa anali kamwazi. Amene sanaone asanene kuti amadziwa fungo. Nkhumba inkayamba ndi kusiya kudya, kenako kutsekula, zamadzimadzi zotuwa ngati simenti yosakaniza. Pakapita masiku, mamina ndi magazi. Miyendo yakumbuyo yonse inkamatika, mchira kulendewera wonyowa, ntchentche zobiriwira bii pamatako. Maso ankalowa m'kati, msana n'kupindika, nthiti kuwerengeka, chiweto chikudzandira n'kumagwera m'zonyansa zake zomwe. Tiana tongosiya kumene kuyamwa ndi timene tinkatha msanga.

Ndiye nzeru ya mudzi inali yotani? Isafe yokha. Ukangoona magazi, nola mpeni. Pamsewu ponse panalendewera nyama m'mitengo, yotuwa, yopanda mafuta, ntchentche zili gwaa. Kachingwe, wootcha kanyenya pamsika, ankazungulira m'makomo ndi njinga ya dengu, kutolera zodwala, zina zitafa kale zikali zofunda. Matumbo ankatsukidwa pamtsinje, ena pamjigo penipeni pamene azimayi amatsukira ndowa. Agalu ankakoka zotsala n'kukazisiya kumakola a ena. Munthu aliyense ankadandaula kuti matenda akufala, uku manja ake ali magazi okhaokha.

Ine ndinali ndi nkhumba imodzi. Inatsekula masiku atatu, lachitatulo ndinaona magazi, ndinanola mpeni, nyama n'kugulitsa pamsewu. Ndinapita kusekondale ine, sayansi ndinakhoza, ndinkadziwa chimene ndikuchita. Musandichitire chifundo.

Mwambo wathu mumaudziwa. Ukapha chiweto, malume ako salawa za pamsika, umawatengera gawo lawo, chiwindi ndi matumbo. Ukapanda kutero mawa umva kuti mwana wa uje wakula, wayamba kudya yekha. Ndinaika m'kandowa, kumanga panjinga, ulendo. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndikawauza. Ndinapeza malume ali kuchigayo. A Fanesi anagwada, kulandira ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo. Mwatikumbuka m'njala muno."

"N'zochepa, amayi. Inangothyoka mwendo, ndiye ndinati ndiiphe."

Bodza limenelo linatuluka lokha, mosavuta, ngati malovu.

Pakhomo pa malume panali lamulo lina limene iwo ankalinyadira: cha m'khitchini sichitayidwa. Madzi otsukira mbale, otsukira mpunga, makoko a maungu, zonse zinkapita m'ndowa imodzi, madzulo n'kusakaniza ndi madeya, n'kuthira m'bwato muja. A Fanesi anafinya matumbo aja, kuwatsuka, madzi ake n'kuthira m'ndowa monga anachitira zaka zonse za ukwati wawo. Malume anabwera, anavula nsapato, anaponda m'beseni, anavala majombo, n'kunyamula ndowayo ndi manja awo kukaithira m'bwato. Munthu anatseka khomo kwa abusa ndi kwa abale, matenda n'kulowa ngati mphatso yaulemu, iye mwini atawanyamula.

Sabata ndi theka, kamwana koyamba kanasiya kudya.

Anali ndi nkhumba khumi ndi zinayi. Anamenya nkhondo, zimenezo ndinaona. Anapatula zodwala pozitchingira ndi malata akale, ankakolopa katatu patsiku, ankazimwetsa madzi a mchere ndi shuga ndi botolo ngati makanda, shuga amene m'nyumba munalibe wothira m'phala. Anapalasa njinga kawiri kupita ku Boma kukafuna mlangizi. Mlangizi atabwera anabaya jakisoni zimene zinali zikadali ndi mphamvu, n'kunena kuti matendawa amayenda m'ndowe, kaya pamapazi, kaya m'madzi, kaya ndi makoswe, ndipo anafunsa ngati panalowa nyama ya kwina pakhomopo. A Fanesi anaphimba kumaso ndi chitenje. Mudzi unamva tsiku lomwelo. Kuseka kwake! Eti chizimba chasukuluka, eti mkazi wopusa wamwetsa nkhumba msuzi wa manyi. Dzina langa silinatchulidwe, chifukwa ndani akanaloza chala pa zimene aliyense ankachita?

Zinayi zinali zitafa, zisanu zili gonegone, pamene Kachingwe anafika ndi dengu lake. Ndinauzidwa ndi a Jafali, amene anali pamenepo.

"Madala, pepani ndi zovutazi. Ndabwera kudzakupepuzani. Zogonazo nditenge, zakufazonso ngati sizinatupe."

"Ukapita nazo kuti?"

"Aaa, madala, moto umapha zonse. Anthu akudya, palibe wafa."

"Matumbo ukatsukira kuti?"

"Pamtsinje, nanga kuti?"

"Kumunsi kwa mtsinjewo amatunga ndani madzi a nkhumba zake?"

"Ndiye inu mukufuna mukwirire nyama chaka cha njala chino? Mulungu akukuonanitu!"

A Jafali akuti malume anatola chikwanje, osathamanga, n'kungoyenda molunjika njinga ija. Kachingwe anathawa dengu likugwedera. A Fanesi analira, kuwapempha kuti agulitseko ziwiri zokha apeze ufa, poti adzukulu anali kugonera maungu osakhwima. Anakana. Apa ndi pamene ena amati anali wouma mtima, ndipo mwina anali. Koma ine ndinagulitsa yanga, iwo anakana, ndiye pa awirife wonyansa mumudziwa.

M'mawa mwake ananditumizira mawu: ndibwere ndi khasu ndi fosholo.

Tinakumba kuseri kwa khola, dothi lonyowa lolemera, kuyambira dzuwa lili pamutu pa Michesi mpaka litafika paliwombo. Dzenje litafika m'chiuno ndinati lakwana, malume anangoloza pansi. Litafika pachifuwa anatuluka, nalowa m'khola. Zinayi zakufa zija tinazikoka ndi miyendo, mimba zitatupa, zonyansa zikuchucha m'njira yonse, mphutsi zitayamba kale pansi pa mchira. Ndinasanza kawiri. Pa zisanu zogona zija, zitatu zinali zitatsirizika, ziwiri anazimaliza okha, mwachangu, akuzitchula maina. Kenako anazing'amba mimba zonse ndi chikwanje n'kuthira parafini, kuti asapezeke wozifukula. Musadabwe. Anthu anali ataima kale kumpanda, akuyang'ana ngati akhwangwala, wina n'kumanena mokweza kuti nyama yokwirira lero mawa imakhala isanaole.

Tili pakati pokwirira, ine ndili m'dzenje kupondaponda dothi pamwamba pa mitemboyo, anaima pamphepete nafunsa motsitsa, kuti a kumpanda asamve.

"Iwe Lafayelo, inatsekula masiku angati usanaiphe?"

Ndinafuna kunena za mwendo.

"Atatu, malume."

"Magazi unawaona?"

"Ndinawaona."

Anagwedeza mutu, nayang'ana kukhola.

"Ukanandiuza, chiwindicho ndikanadyabe. Ndi ulemu wako, sindikanaubweza. Koma madziwo tikanataya kuchimbudzi."

Basi. Anatola fosholo. Ine ndimakwiya msanga, ndamenyanapo ndi anthu chifukwa cha mawu ochepa, ndipo tsiku limenelo ndinkafuna anditukwane, andimenye ndi mpini, ndipeze pokwiyira. Sanandipatse. Anatenga mpando wawo n'kuuika pamwamba pa dzenjelo, nakhala pamenepo masiku atatu ndi chikwanje pamiyendo, kudyera pomwepo, fungo la parafini ndi zowola likutuluka m'dothi. A Jafali, amene nkhumba saiyandikira, anabweretsa bawo n'kukhala chapatali, kumakankha njere ndi kamtengo kuti mnzawo asakhale yekha. Tsiku lachinayi malume anabzala nthochi pamenepo.

Zinatsala zisanu. Zinayi zinapulumuka zili zopinimbira, sanazigulitse kwa woweta aliyense, anati zingakhale zikusunga matenda m'mimba. Anazisunga padera mpaka anazipha pakhomo pomwepo imodzi imodzi, matumbo n'kukwirira. Mkota wawo wamkulu, amene ankamutcha Dona poti ankadya iwo asanadye, anamumangira kakhola kena kumunda. Khola lalikulu analipala, kuliwotcha ndi mapesi a nandolo, kulipaka laimu, n'kulisiya lopanda kanthu chilimwe chonse. Bwato analiyanika padzuwa miyezi itatu. Anthu ankati atha. Anayambiranso, ali ndi zaka zoti anzawo akungowothera dzuwa, ndipo pofa asiya khola lodzaza.

Nkhani ya dzenje sanaitchulenso kwa ine ngakhale kamodzi. Koma pali chimene ankachita. Ndikapha chiweto n'kubweretsa gawo lawo, sankalola a Fanesi kulandira. Ankalandira okha, kuthokoza bwinobwino, n'kupita nako kandowako kuseri kwa chimbudzi kukatsuka ndi manja awo, ine ndikuona. Zaka zisanu ndi chimodzi. Akanakana mphatsoyo zikanandipepukira.

Tinawaika Loweruka. Lamulungu, maluwa pamanda asanafote, ana awo ndi abale anga ena anali kale kukhola ndi zingwe. Anthu akuluakulu, ena ochokera m'tauni, nsapato zonyezimira zimene dzulo lake zinaponda pamsika, kulowa n'kutuluka, kulimbirana mkota, kumanga nkhumba pamakabaza zikulira. Kachingwe anali pompo, waimika njinga pamtengo wa mango. A Sitolo anali kulangiza mwana wamkulu kuti yamphongo isapite kutali, ikhale yothandiza mudzi. Wina pokoka chingwe anagunda beseni, madzi a phulusa n'kutayika, palibe anatembenuka. Ndinakuwa. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena, koma ndinawatcha afisi, ndipo msuweni wanga wina ndinamugwira pakhosi. Anandiuza kuti ngati ndikulirira gawo langa ndinene, andipatsa kamwana. Ndinati akadye yekha.

Dzulo ndinabwererako. A Fanesi anali pakhonde akusola nandolo. Ndinakhala pansi, n'kunena zimene ndinalephera zaka zonsezi.

"Amayi, nkhumba ija sinathyoke mwendo."

Sanasiye kusola.

"Ndinadziwa, bambo. Matumbo ake m'kati anali ofiira ngati chilonda. Ndinaona ndikufinya."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati chiyani? Kuti mwana wa alamu anga watibweretsera zowola? Ndinachita manyazi. Ndinati ndiphike msanga zisaoneke. Za madziwo sindinaganize n'komwe, dzanja linangopita lokha kundowa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Malume anu anati mukadzabwera ndikuuzeni kuti nkhumba atenge ena. Inu mutenge beseni."

Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kundikhululukira kapena kunditukwana komaliza. Powadziwa malume, zinali zonse ziwiri.

Ndinapita kuseri. Chitseko cha khola chili pululu, chikulendewera pa waya umodzi. M'kati muli zidindo za nsapato paliponse, ndi ndowe zopondedwa zimene sizinakolopedwe chifere mwini wake, ntchentche zikuzungulira ngakhale zodyera zatha. Bwato lili pomwepo, madeya a tsiku lomaliza aumira m'mng'alu, nkhuku ya eni ake ikujompha. Pakhoma pali mzere wakuda wosalala pamene Dona ndi ana ake ankadzikanda. Majombo wina waba limodzi, linalo lagona chammbali, muli kangaude. Kuseri nthochi zija zakula kuposa denga, mikoko iwiri yalendewera, yonenepa kuposa nthochi zonse za ku Kaduya, ndipo palibe wa m'banjamo amadya. Pakhomo panali beseni, chafufumimba, phulusa litauma pansi ngati chipsera.

Ndinalitembenuza. Ndinakapala phulusa kukhitchini, kutunga madzi, kusakaniza mpaka kukhathamira monga ankachitira. M'kholamo mulibe choti chidwale, ndikudziwa. Ndinavula nsapato, ndinaponda, ndipo pamenepo m'pamene ndinalowa kukakolopa.